MZINDA UPALA MOTO KU MZINDA UNZACE

M'midzi ya ku Chadiza, monga ya kwa Mlolo, kwa Zingalume ndi kwa Mwangala, muli mwambo wakale umene mwana ali yense audziwa. Moto ukazima m'nyumba usiku, m'mawa mai atuma mwana ndi phale kuti akapale moto kwa anansi. Mwana abwera nalo khala limodzi lofiira, mai aikapo tiudzu touma nauzira, ndipo posacedwa phala liri kuwira. Mwini moto uja sanataye kanthu, pakuti moto wace uli kuyakabe monga kale. Koma tsopano nyumba zofuka utsi ziri ziwiri.

Nzeru iri ngati moto. Munthu akagawirako mnzace, yace siicepa. Ndipo monga nyumba ipala moto ku nyumba inzace, momwemonso mzinda ukhoza kupala nzeru ku mzinda unzace. Nzeru imene mizinda ipemphana kawiri kawiri ndiyo ya kasamalidwe ka malo okhala anthu: kumene kucokera madzi akumwa, kumene zipita zinyalala, ndi mamangidwe a zimbudzi. Zinthu izi anthu sakonda kuzichula pabwalo, koma mzinda wozinyalanyaza uika maliro ambiri.

Dzala la pamudzi ndi zinyalala za m'mzinda

Pamudzi zinyalala sizibvuta kwambiri. Nyumba ziri patali patali, ndipo kuseri kwa nyumba kuli dzala. Zotayidwa m'dzalamo ndizo makoko a nthoci, zitsononkho za cimanga, phulusa ndi masamba. Nkhuku ndi nkhumba zidyako zina, zotsala ziola ndi mvula nizisanduka dothi lacajira. Ncifukwa cace maungu omera padzala abala kopambana.

M'mzinda zinthu ziri mwina. Pamene Lusaka anasanduka likuru la dziko m'caka ca 1935 anali kamzinda kakang'ono, koma pa kalembera wa 2022 munapezeka anthu oposa 2,000,000. Ambiri a iwo akhala m'makomboni, m'mene nyumba ziri zothinana, ndipo malo okumba dzala palibe. Zinyalala zacenso ndi za mtundu wina: mapepala a pulasitiki, mabotolo ndi zitini, zinthu zimene nkhumba siidya ndipo mvula siioletsa. Zikatayidwa pamseu, mphepo ndi madzi zizikokera m'ngalande, ndipo ngalande zitsekeka. Tsono mvula ikagwa, madzi asowa kopita. Adzaza m'miseu, alowa m'zimbudzi, natenga zonyansa za m'menemo kumka nazo ku zitsime.

Ku Lusaka kulinso bvuto lina. Pansi pa mzindawo pali thanthwe la laimu lokhala ndi ming'alu ndi mapanga ambiri, ndipo m'madera ena, monga ku Kanyama, madzi a pansi pa nthaka ali pafupi ndithu. Motero zocokera m'dzenje la cimbudzi zitsata ming'alu ija ndi kukafika msanga m'citsime cosazama ca munthu wina amene sadziwa kanthu.

Nthenda yosaima pa malire

Mwa nthenda zobwera ndi madzi oipa, yoopsya koposa ndiyo kolera. Icokera ku tizirombo tating'ono tosaoneka ndi maso, timene tituruka m'mimba mwa munthu wodwala. Tizirombo timeneti tikalowa m'madzi akumwa, kapena nchenche zikatitengera pa cakudya, wina adwala. Wodwala atsegula m'mimba ndi kusanza, nataya madzi a m'thupi ambiri, kotero kuti munthu wamkuru wamphamvu akhoza kufa tsiku lomwelo ngati sathandizidwa msanga.

M'mwezi wa October 2017 kolera inabuka mu Lusaka, niikula ndi mvula ya dzinja lomwelo. Pofika May 2018 odwala mumzindawo anapitirira 5,000, ndipo akufa anali pafupi 100. Boma linacedwetsa kutsegula masukulu, linaletsa malonda a m'mbali mwa miseu, ndi kutuma asilikari kuti akathandize kucotsa miulu ya zinyalala. Nthendayo inabweranso mwamphamvu kuyambira October 2023, niipha anthu oposa 700 m'dziko lonse la Zambia. Nthawi imeneyo bwalo lalikuru la masewera la National Heroes Stadium linasandutsidwa cipatala, ndipo ana a sukulu anakhala kunyumba kufikira February 2024.

Maiko oyandikana nao sanapulumuke. Ku Malawi kolera inayamba m'March 2022, niipha anthu oposa 1,700 zisanathe zaka ziwiri, ndipo ku Mozambique inafika m'zigawo za Niassa ndi Tete. Dera la Chadiza lipakana ndi Mozambique ca kum'mwera, ndipo Malawi sali kutali ca kum'mawa. Anthu aoloka tsiku ndi tsiku kukaceza kwa abale, kukagula ndi kukagulitsa, ndipo magalimoto akuru a katundu adutsa pa cipata ca Chanida. Munthu aima pa malire naonetsa ciphaso, koma tizirombo ta m'mimba mwace palibe amene atifunsa ciphaso. Akuru akale anati, caona mnzako capita, mawa ciona iwe. Mzinda wauve uika anansi ace pangozi, ndipo mzinda wophunzitsa unzace ukhondo udzichinjiriza wokha.

Mizinda iwiri pa mtsinje umodzi

Mbiri ya mizinda iwiri ya ku Germany isonyeza bwino phindu la kupala nzeru ndi mtengo wa kuikana. Maina ace ndiwo Hamburg ndi Altona. Inali yogundana, kotero kuti m'malo ena mseu umodzi ndiwo unali malire: nyumba za mbali ino za Hamburg, za mbali iyo za Altona. Yonse iwiri inali kumwa madzi a mtsinje wa Elbe. Altona ndiye anali kumunsi, ndipo madzi ofika kwa iye anali atalandira kale zonyansa za Hamburg. Munthu wongoyang'ana akadati a ku Altona ndiwo adzayamba kufa.

Koma akuru a Altona anali atapala nzeru ku England. Kumeneko, mumzinda wa London, mmisiri wina dzina lace James Simpson anamanga m'caka ca 1829 thamanda lalikuru losefera madzi. Pansi pace anayala miyala, pamwamba pa miyala timiyala tating'ono, ndi pamwamba pa zonse mcenga wosalala. Madzi a mumtsinje alowa pamwamba natsika pang'ono pang'ono. Pakapita masiku, pamwamba peni peni pa mcenga pamera kandere koterera, kamene kagwira zonyansa ndi tizirombo, ndipo madzi oturuka pansi ali oyera. Altona anamanga zosefera zotere m'caka ca 1859. Akuru a Hamburg anaidziwanso njira imeneyi, koma anatha zaka zambiri ali kukangana za ndalama zace, ndipo anthu anapitirira kumwa madzi osasefa.

M'August 1892 kolera inalowa mu Hamburg, ndipo m'masabata owerengeka anafa anthu oposa 8,000. Ku Altona akufa anali ocepa kwambiri poyerekeza, ndipo ambiri a iwo anaitenga nthendayo ku Hamburg komweko. Sing'anga wochuka Robert Koch, amene anali atafufuza kacirombo ka kolera zaka zingapo m'mbuyomo, anafika mumzindawo naona kuti nthenda iri kutsata mipopi ya madzi. Pa mseu wa pa malire uja, nyumba za mbali imodzi zinali ndi maliro, za mbali inayo zinapulumuka. Hamburg anatsiriza zosefera zace m'caka ca 1893. Nchito imene anaizengereza zaka makumi anaimaliza mofulumira, koma manda anali atadzaza kale.

Ubwenzi wa mizinda

Itatha nkhondo yaikuru yaciwiri m'caka ca 1945, mizinda yambiri ya ku Ulaya inayamba kupalana ubwenzi iwiri iwiri, kuti anthu amene anaphana adziwane ndi kuleka udani. Coventry wa ku England, amene anaphwanyidwa ndi mabomba, anapalana ubwenzi ndi Kiel ndi Dresden a ku Germany, amene anaphwanyidwanso momwemo. Mwambo umenewu unafika ndi ku Afrika. M'caka ca 1968 Blantyre anapalana ubwenzi ndi Hannover wa ku Germany, ndipo caka comweco Lusaka anapalana ndi Los Angeles wa ku America. Poyamba maubwenzi ambiri anali a kucezerana ndi kupatsana mphatso, koma pang'ono pang'ono akuru a mizinda anazindikira kuti mphatso yokhalitsa ndiyo nzeru ya nchito.

Mzinda uli wonse uli ndi khonsolo, ndilo bungwe loyang'anira misika, miseu, ngalande ndi zinyalala. Makhonsolo aphunzitsana m'njira zitatu. Yoyamba ndiyo kukaona: anchito a mzinda wina apita kwa anzao, nayenda nao m'misika ndi kumalo otayira zinyalala, nafunsa zonse. Yaciwiri ndiyo kubwereka munthu: mzinda wodziwa utumiza wanchito wace kuti akakhale kwa unzace masabata angapo. Yacitatu ndiyo misonkhano. Makhonsolo a m'Zambia akomana m'bungwe lao lochedwa Local Government Association of Zambia, ndipo mizinda ya m'maiko ambiri iri ndi bungwe lochedwa United Cities and Local Governments, limene linakhazikitsidwa m'caka ca 2004, ndipo likuru lace liri ku Barcelona.

Citsanzo cabwino ca kubwereka munthu ndico ca Lilongwe, likuru la Malawi. Kumeneko khonsolo inali m'mabvuto: mabuku a ndalama sanali kulembedwa bwino, mipando yambiri ya akuru a nchito inali yopanda anthu, ndipo panalibe cikonzero cosonyeza m'mene mzinda udzakulira. Kuyambira 2008 mzinda wa Johannesburg wa ku South Africa unabvomera kukhala ngati namkungwi wace. Unatumiza anchito ace odziwa, amene anakhala pansi ndi anzao a ku Lilongwe kusanthula pamodzi pamene panali kulakwika. Pofika 2010 cikonzero ca mzinda cinali citalembedwa, ndipo pambuyo pace mawerengero a ndalama anaikidwa m'makompyuta, ndi misonkho inayamba kusonkhedwa bwino. Wina angafunse kuti mabuku a ndalama agwirizana bwanji ndi ukhondo. Galimoto yotenga zinyalala siyenda yopanda mafuta, ndipo wosesa mumsika sasesa wosalipidwa. M'caka ca 2012, ku Guangzhou m'dziko la China, Lilongwe anali mmodzi wa mizinda isanu yolandira mphotho cifukwa ca nchito yatsopano yothandiza anthu, ndipo cimene anamtamira naco ndico ubwenzi umenewu.

Nzeru zimene zinayenda ulendo

Zinthu zina zimene anthu aziona tsiku ndi tsiku m'Zambia zinabadwira m'mizinda ya anansi. Coyamba ndico cimbudzi cosanunkha. M'zaka za m'ma 1970, pa nyumba yofufuzira za umoyo yochedwa Blair Research Laboratory mu Harare, amene nthawiyo anali kuchedwa Salisbury, Peter Morgan ndi anzace anapeza njira yothetsa pfungo ndi nchenche. Anaimika paipi yaitali yocokera m'dzenje kufikira pamwamba pa denga, naphimba kukamwa kwace ndi kasefa ka waya. Mphepo ikamaomba pamwamba pa paipi ikoka mpweya woipa wa m'dzenje ndi kuuturutsa kunja. M'kanyumbamo mukhala kamdima, tsono nchenche za m'dzenje zithamangira kuwala kumene ziona kumapeto a paipi. Zikafika zipeza sefa, zilephera kuturuka, ndipo zifera momwemo. Cimbudzi ici cinafala m'Zimbabwe monse ndi m'maiko ena ambiri a mu Afrika.

Caciwiri cinacokera ku Maputo, likuru la Mozambique. Anthu a m'makomboni a kumeneko anali kukumba maenje a zimbudzi, koma cobvundikira dzenje colimba cinali cosowa. Kuyambira 1979 mmisiri wa ku Sweden, Björn Brandberg, pamodzi ndi anchito a boma, anaumba ciphimbo ca simenti cozungulira, cotukuka pakati ngati mbale yobvundikira. Cifukwa ca kutukukako cinali colimba cingakhale cinalibe zitsulo m'kati, motero cinali cochipa. Pakati pace panali bowo lokhala ndi citseko cace cothina, ndi poponda mapazi. Amisiri a m'makomboni momwemo anaphunzira kuumba ziphimbozo namagulitsa. Pambuyo pace nzeruyi inaolokera ku Malawi, kumene anaumba cina cocepa cochedwa SanPlat, coika pa cimbudzi wamba ca pamudzi kuti pakhale posabvuta kutsuka.

Cacitatu ndi ca katoledwe ka zinyalala. M'caka ca 1992, mothandizidwa ndi bungwe la United Nations, mzinda wa Dar es Salaam ku Tanzania unaitana anthu a mitundu yonse ya nchito ku msonkhano waukuru kuti anene mabvuto a mzinda wao. Kunapezeka kuti khonsolo inali kutola kagawo kakang'ono cabe ka zinyalala, ndipo zotsala zonse zinali kuunjikana m'miseu. Tsono anagawa mzinda m'zigawo, napereka nchito yotola kwa makampani ang'ono ndi magulu a anthu okhala m'zigawomo, amai ndi anyamata omwe. Iwo anali kuyenda khomo ndi khomo ndi tingolo, ndipo banja liri lonse linali kulipira kandalama. Lusaka analowa m'nchito yomweyo ya United Nations kuyambira 1997 kufikira 2001, ndipo magulu otere anaphunzitsidwa m'makomboni monga Ng'ombe ndi Kamanga.

Cacinai ndi tsiku losesa pamodzi. Mzinda wa Kigali ku Rwanda uli ndi mbiri ya ukhondo m'Afrika monse, ndipo akuru a mizinda ina apitako kukaona. Kumeneko, Loweruka lotsiriza la mwezi anthu aturuka m'mawa kukagwira nchito ya onse, imene aicha umuganda. Ndiponso dziko la Rwanda linaletsa matumba a pulasitiki m'caka ca 2008. Ku Zambia, Pulezidenti Levy Mwanawasa anayambitsa nchito yosunga dziko laukhondo m'caka ca 2007, ndipo Pulezidenti Edgar Lungu anaiutsanso m'caka ca 2018, itatha kolera ija, napatula Loweruka lotsiriza la mwezi kuti likhale losesa. Zimbabwe anapatula tsiku lace m'December 2018, ndi Malawi m'November 2020.

Nsapato ya mnzako iyamba yayesedwa

Nzeru yocokera kwina siingolandiridwa monga inabwera, pakuti mizinda isiyana nthaka, cuma ndi makhalidwe. Tsiku losesa lithandiza ngati pali ngolo kapena galimoto yodzacotsa miulu yosesedwayo. Popanda imeneyo mphepo iimwazanso lisanalowe dzuwa. Gulu lotola zinyalala khomo ndi khomo likhalitsa ngati mabanja alipira, ndiponso ngati khonsolo ibwera kudzatenga zimene gululo launjika. Wopita kukaona kwa anzace ayenera kufunsa zobisika zotere, angabwere ndi denga lokha nasiya mizati.

Za ku Kanyama zisonyeza m'mene nzeru yobwereka ikonzedwera. M'komboni, cimbudzi cikadzaza palibe malo okumba cina. Kale anthu anali kulemba anyamata usiku kuti akumbe dzenje pambali ndi kukhuthuliramo, ndipo zonyansazo zinali kutsikira m'madzi a pansi. M'mizinda ina, monga Dar es Salaam, Kampala ndi Blantyre, anali kugwiritsa nchito mpope wa manja wochedwa Gulper, wokoka ngati mjigo. Koma m'zimbudzi za ku Kanyama anthu anali kutayamo nsanza, mapulasitiki ndi mabotolo, pakuti analibe kwina kotaya, ndipo mpope wotere utsekeka ndi zinthu zimenezo. Pamene bungwe la madzi la Kanyama Water Trust linayamba nchito yocotsa za m'zimbudzi m'caka ca 2013, mothandizana ndi kampani ya madzi ya Lusaka ndi bungwe la WSUP, anchito anagwiritsa mafosholo ndi zotungira za mipini itali itali. Anabvala jombo, zophimba manja ndi zophimba kukamwa, nathira zonyansazo m'migolo yotseka bwino ya malita 60, ndi kuikankha pa ngolo kumka nayo ku thanki yaikuru yomangidwa pansi. M'thankimo zinali kuola ndi kuturutsa mpweya woyaka, wokhoza kuphikira, ndipo zotsala zinali kuumitsidwa padzuwa kuti zikhale manyowa. Caka cotsatira nchito yomweyo inayambika ku Chazanga, komboni ina ya mu Lusaka. Motero Kanyama, amene anali wophunzira, anasanduka mphunzitsi.

Mwai wa Chadiza

Tauni ya Chadiza ndi yaing'ono. Pa kalembera wa 2022 dera lonse linali ndi anthu oposa 100,000, ndipo ambiri a iwo akhala m'midzi. Wina angayese kuti nkhani za mizinda ikuru ikuru sizimkhudza. Koma Chipata nayenso anayamba ngati kaboma kakang'ono kochedwa Fort Jameson, ndipo m'February 2017 anakwezedwa kukhala mzinda. Pali ponse pamene pali msika, masitolo, cipatala ndi masukulu, anthu acuruka caka ndi caka, ndipo mapulasitiki afika pamodzi ndi katundu wa m'sitolo.

Mwai wa tauni yaing'ono ndi wakuti malo akalipo. Lusaka ayenera kukumba ngalande pakati pa nyumba zomangidwa kale, ndiyo nchito yobvuta ndi yodya ndalama zambiri. Tauni imene ikali kukula ikhoza kupatuliratu malo otayira zinyalala kutali ndi mtsinje, kusiya miseu yotakata yoti ngolo ipite, ndi kuonetsetsa kuti cimbudzi ciri conse ciri kumunsi kwa citsime, pa mtunda wosacepera mamita 30. Ikhozanso kuzoloweza anthu a pamsika kupatula zoola ndi zosaola. Zoola, monga masamba a ndiwo, makoko ndi phulusa, zikaunjikidwa bwino ndi kutembenuzidwa zisanduka manyowa, ndipo alimi ofuna manyowa ali pafupi pomwepo, pakuti feteleza ndi wokwera mtengo.

Kopala moto si kutali. Chipata, Katete ndi Petauke ali m'cigawo comweco ca kum'mawa, ndipo zimene zawathandiza kapena kuwabvuta zikhoza kuoneka pa ulendo wa tsiku limodzi. Mafumu naonso aphunzitsana. M'caka ca 2007 ku Choma, kum'mwera kwa Zambia, kunayesedwa njira yocokera ku Bangladesh, yakuti anthu a pamudzi ayende okha kuzungulira mudzi wao, aone ndi maso kumene zonyansa za kuchire zithera, napangane okha kumanga zimbudzi. Mfumu Macha anaigwira nchitoyo ndi mtima wonse, ndipo pofika 2009 dziko lace linalengezedwa kuti anthu ace aleka kupita kuchire. Njirayo inafala m'madera ambiri a Zambia, mafumu ali patsogolo.

Anthu a ku Chadiza ali ndi mwai winanso, ndiwo cinenero. Caka ndi caka, ca kumapeto a August, Acewa a m'Zambia, a ku Malawi ndi a ku Mozambique asonkhana ku Mkaika, m'dera la Katete, pa mwambo wa Kulamba, kukalambira Kalonga Gawa Undi. Anthu a maiko atatu amvana popanda womasulira. Wanchito wa khonsolo ya Chadiza akhoza kukhala pansi ndi mnzace wa ku Mchinji kapena wa ku Dedza, nakambirana za misika ndi ngalande m'cinenero ca makolo ao, cinthu cimene mizinda ya ku Ulaya icipeza ndi ndalama zolipira omasulira.

Ndipo wopala moto lero, mawa ndiye apatsa. Anthu a m'midzi adziwa kale dima, pamene mudzi wonse ulima munda wa munthu mmodzi tsiku limodzi, ndiponso adziwa kulambula njira ya kumadzi pamodzi mfumu ikaitana. Adziwa kusandutsa zoola kukhala cakudya ca nthaka. Izi ndi nzeru zimene anthu ambiri obadwira m'mizinda anaziiwala, ndipo tsopano aziphunziranso m'misonkhano.

Mwana wa sukulu nayenso akhoza kukhala wonyamula phale. Akapita kwa abale ku Chipata kapena ku Lusaka masiku opumula, ayang'ane kumene anthu atunga madzi ndi kumene zinyalala zipita, afunse cifukwa cace msika wina uli woyera ndi wina wauve, ndipo pobwera afotokozere aphunzitsi ndi anzace. Sukulu ziwiri zoyandikana zikhoza kucezerana ndi kuonetsana zimbudzi, posamba m'manja, maenje a manyowa ndi mitengo imene zinabzyala. Ambiri a anchito a khonsolo, azaumoyo ndi mafumu a mawa ali m'makalasi lero.

Koma mwana wotumidwa kukapala moto adziwa kuti nchito siithera pa kufika nalo khala kunyumba. Likasiyidwa paphale lizirala, nilisanduka phulusa. Lifuna tiudzu touma, nkhuni, ndi munthu wogwada pansi kuliuzira kufikira moto utayaka.

Mafunso

1. Cifukwa ninji zinyalala za m'mzinda zibvuta koposa za pamudzi?
2. Fotokozani m'mene ngalande yotsekeka ibweretsera kolera.
3. Altona anali kumunsi kwa Hamburg. Nanga anthu ace anapulumuka bwanji m'caka ca 1892?
4. Chulani njira zitatu zimene makhonsolo aphunzitsirana.
5. Kodi paipi ndi kasefa ka waya zigwira nchito yanji pa cimbudzi cocokera ku Harare?
6. Cifukwa ninji anchito a ku Kanyama anagwiritsa mafosholo ndi migolo?
7. Tanthauzirani mwambi uwu: caona mnzako capita, mawa ciona iwe.

Zocita

Jambulani mapu a sukulu yanu kapena a mudzi wanu. Sonyezanipo citsime kapena mjigo, zimbudzi ndi dzala, ndipo pimani mtunda wa pakati pa citsime ndi cimbudzi ca pafupi. Mukatero lembani kalata kwa ana a sukulu ina, kuwauza cinthu cimodzi cimene mucita bwino, ndi kuwafunsa cimodzi cimene mufuna kuphunzira kwa iwo.